Tomato wa pansi pa madzi

Mng'ono wanga sanaionepo nyanja ya mcere. Madzi aakulu amene anafikako ndi a Kariba ku Siavonga, tsiku limodzi cabe. Koma mu foni yake, mu ibisPaint, muli tauni yonse ya pansi pa madzi: maminibasi omera ndere, amai ogulitsa tomato ali ndi mcira wa nsomba.

Cithunzi ca amai a tomato cinamutengera masabata atatu. Anayamba ndi mizere yakuda, kenako mtundu uliwonse pa leya yakeyake, kuti akalakwitsa asafafanize zonse. Atandionetsa ndinati, "Cili bwino, koma cioneka monga Soweto Market mvula itagwa." Ife a pa wailesi pakamwa pamatsogola, mutu umabwera pambuyo. Sanandikambitse masiku awiri.

Tsiku lacitatu anabwera yekha. "Asisi, vuto ni tomato." Anali atawerenga kuti madzi amameza kuwala kofiira coyamba, ukatsika mamita ocepa cabe, pamene kwa buluu kumafika patali. Tomato wake anali psuu ngati wa pa dzuwa. Anamusandutsa wabulauni, anaika leya ya buluu pamwamba pa zonse, ndipo nsomba zakutali anazizimiririka kuti zizioneka mwa cimbuuzi. Mpango wa amaiwo anaukweza m'mwamba kuti uziyandama.

Manje ukacipenya umadzipeza wagwira mpweya. Koma ine tomato wofiira uja ndimamusowa, ndipo ndinamuuza. Anaseka, nati leya yakale sanaitaye, anangoibisa.