Ayi wa pa Chelinda

Amene mudafikako ku Nyika mukudziwa kuti bwalo la ndege la pa Chelinda silifanana ndi la Chileka kapena la Kamuzu. Palibe phula, palibe nyali, palibenso nsanja ya olondolera ndege. Ndi kamzere chabe ka dothi ndi udzu pakati pa zitunda zopanda mitengo, pamwamba pa phiri, mamita oposa 2,300 kuchokera pamene palekeza madzi a nyanja yamchere. Chapafupi pali nkhalango ya paini imene idabzalidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo eni bwalolo enieni ndi mbidzi ndi chilembwe, zimene zimadya msipu pamenepo mpaka wina atabwera ndi galimoto kudzazipirikitsa.

Ine ndidapitako mu February 2025 pamodzi ndi aphunzitsi athu a sayansi ya zomera, kukawerenga maluwa a mtundu wa chikande. Ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa amenewa, ndipo ambiri amamasula m'dzinja. Anthu amakumba mizu yake mobisa n'kukagulitsa, ina mpaka ku Zambia, n'chifukwa chake pafunika kudziwa otsala. Tidagwira ntchito masabata awiri, mawondo ali m'matope, kufikira madzulo ena pamene uthenga udandipeza: bambo agonekedwa m'chipatala ku Lilongwe, madokotala akufuna kuwachita opaleshoni, bwera msanga.

Msanga wake uti? Kuchokera pa Chelinda kukafika ku Rumphi, kudzera pa chipata cha Thazima, pali makilomita oposa 100 a msewu wafumbi, ndipo sabata imeneyo mvula idali itausandutsa phala. Ukafika ku Rumphi ndiye kuti ulendo wangoyamba, pakuti Mzuzu ndi Lilongwe zikadali kutsogolo. Mwayi udali wakuti kandege ka mipando 6 kamene kadabweretsa alendo kadali kubwerera ku Lilongwe m'mawa mwake, ulendo wosakwana maola awiri. Aphunzitsi athu adakandipemphera malo, ndipo woyendetsa ndegeyo, mayi wachimalawi wosapitirira msinkhu wa achemwali anga aakulu, adavomera. Adangowonjeza mawu amodzi: "Mubwere mudzakwere pa sikelo."

Tonse tidakwera pa sikelo, munthu ndi katundu wake. Tidalipo anthu anayi: azungu awiri okalamba, bambo wina wamalonda wa ku Lilongwe, ndi ine. Mayiyo adalemba manambala, adawonkhetsa ndi kulemera kwa mafuta, kenaka adaloza chikwama changa cha mabuku ndi masutikesi awiri a bambo wamalonda uja, nati zitsale, zidzabwera pa galimoto. Bamboyo adaseka. "Mayi, mpando wina uli wopanda munthu. Malo alipo."

Anzanga, mawu amenewa tonse tidakula nawo. Pa minibasi malo alipo, pa lole ya fodya malo alipo, m'bwato malo alipo, ndipo wokana kusendera ndiye amaoneka woipa mtima. Koma mayiyo adatifotokozera modekha kuti pa phiri vuto si malo, koma mpweya. Pamwamba ngati pa Chelinda mpweya ndi wopyapyala: pamene kugombe la nyanja yamchere pali magawo 100, pano pali pafupifupi 80 okha. Injini imapuma mpweya wochepa ndiye mphamvu zake zimatsika, chopukusa chakutsogolo chimagwira pang'ono, ndipo mapiko amafuna liwiro lalikulu kuti anyamule katundu yemweyo. Dzuwa likatentha mpweya umapyapyalirapyapyalira. Onjezanipo udzu wonyowa wokoka matayala, ndipo mudzaona kuti ndege imene ku Lilongwe imanyamuka isadafike pakati pa bwalo, pa Chelinda ikhoza kutha bwalo lonse ikadali pansi. Mpando wopanda munthu uja udali ndi ntchito yake.

Tidagwirizana kunyamuka 7 koloko m'mawa, kukadazizira. Koma kutacha tidapeza chifunga chitakuta dziko lonse, mwakuti kansalu kosonyeza mphepo kumapeto kwa bwalo sikamaoneka. Tidakhala pa zikwama zathu kudikira. Idakwana 9 koloko, idakwana 11 koloko. Chifunga chidang'ambika pang'ono, dzuwa lidasuzumira, mitima yathu idadumpha, koma kumwera, kumene tinkalowera, mitambo idali itakhala pa zitunda ngati nkhuku pa mazira. Mayiyo adayenda wapansi bwalo lonse, akuponda dothi ndi chidendene, adayang'ana kumwamba nthawi yaitali, nabwera kudzatiuza kuti lero sitinyamuka.

Bambo wamalonda uja adayamba ndi kupempha. Adati ali ndi msonkhano wa ndalama zambiri. Kenaka adatchula maina a akuluakulu amene amadya nawo pamodzi. Kenaka adanena za ndalama zimene adalipira, nafunsa ngati kampaniyo ilibe woyendetsa wamwamuna. Atalephera zonsezi adatembenukira kwa ine, nandigwira paphewa. "Nanga mwana uyu? Bambo ake ali pa imfa ndi moyo. Mulibe chisoni kodi?"

Apa ndipo padali povuta, chifukwa zimene ankanenazo zidali zoona. Mtima wanga udali ku Lilongwe, ndipo akadati tiyeni, ndikadakhala woyamba kukwera. Mayiyo adandiyang'ana m'maso. "Achimwene, ndamva za bambo, pepani kwambiri. Koma m'mitambo iyo muli miyala, ndipo ine sindingaione. Ayi."

Palibe adayankha. Ndikhulupirira tonse atatu amene tidali Amalawi tidakumbukira chinthu chimodzi. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, idalephera kutera chifukwa kunja sikumaoneka bwino, ndipo idagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 adafa, pamodzi ndi Wachiwiri kwa Pulezidenti, Saulos Chilima. Mapiri a Viphya, kumene kuli Chikangawa, adali m'njira yathu. Padali patangopita miyezi 8.

Usiku umenewo ndidakhala pamoto ndi mlonda wina wa nyama, bambo wachikulire wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka. Adandiuza kuti makolo ake adali mwa anthu amene adasamutsidwa pamene boma lidakulitsa paki mu 1978, ndipo iye wakhala akupirikitsa mbidzi pabwalopo zaka zambiri koma ndege sadakwerepo. "Mwana wanga," adatero, "oyendetsa ndawaona ambiri. Wina ukamukakamiza amakuopa iwe. Uyu akuopa phiri. Gona." Tulo sitidabwere, koma mawuwo adandikhala.

Kudacha kopanda kamtambo. Galimoto idathamanga uku ndi uku kuthamangitsa nyama, mayiyo adazungulira ndege yake akugwira mapiko ndi kuyang'ana mafuta, ndipo tidakwera. Adaitengera kumapeto kwenikweni kwa bwalo kuti asataye ngakhale phazi limodzi, adaponda mabuleki, injini idalira mpaka mano kugwedezeka, kenaka adaisiya. Idayamba ngati ngolo, ikudumpha pa zitsinde za udzu. Ndidaona pakati pa bwalo pakudutsa tikadali pansi. Ndidaona mapeto akubwera. Ndipo kugwedezeka kudangoleka, zii, udzu udatsika pansi pathu, ndipo gulu la ntchefu lidaoneka ngati nyemba zomwazika pa mphasa. Ndidaganiza za masutikesi awiri aja ndi mabuku anga. Bambo wamalonda adali atatsinzina, manja atagwira mpando wakutsogolo.

Bambo anga ndidawapeza opaleshoni itachitika kale dzulo lake, nthawi imene ine ndidali nditakhala pa chikwama kuyang'ana chifunga. Akadapanda kudzuka, tsiku limenelo likadandipweteka moyo wanga wonse, ndipo ayi wa mayi uja akadakhalabe wolondola. Izi n'zimene zandivuta kuzimeza, koma ndazimeza. Kukana kwabwino sikulonjeza kuti zonse zikhala bwino. Kumangoonetsetsa kuti maliro asakhale awiri.

Ife amene tili pa koleji pano mawa tidzakhala ndi masikelo athu. Wina adzasaina kuti mlatho walimba, wina kuti mankhwala ndi abwino, wina kuti ndalama za boma zayenda bwino. Adzabwera bwana wotchula maina, ndipo choopsa koposa, adzabwera munthu wolira misozi yeniyeni. M'kalasi amatiphunzitsa kuwonkhetsa manambala, koma sindidaonepo phunziro la kuima pa manambalawo pamaso pa munthu wamkulu kuposa iwe.

Bambo anga adayendetsa malole zaka zambiri pa msewu wa M1, ndipo zitunda za Chiweta amazidziwa ngati khonde la nyumba yawo. Atayamba kupeza bwino ndidawasimbira zonse, ndikupepesa kuti ndidachedwa. Adamvetsera mpaka kumapeto, adafunsa kulemera kwa masutikesi aja, kenaka adagwedeza mutu.

"Kuthamanga si kufika," adatero. "Mtsikana ameneyo adzakalamba. Tandipatsa madzi."