Kamera ya Apongozi ndi Kamera ya M'chikwama

Amayi anzanga, gulu lathu la zosokasoka litagwirizana zoti tizijambula ntchito za manja athu, udindo wopeza kamera unagwera ine.

Bambo akunyumba atamva, anatsegula sutikesi natulutsa chuma cha malemu apongozi anga: Yashica Electro 35, imene anabwera nayo kuchokera ku Salisbury, kumene lero timati Harare. "Amayi, musataye ndalama za gulu," iwo anatero, "kamera yeniyeni nayi."

Sananame. Kamera zimenezi zinayamba kupangidwa ku Japan mu 1966. Ndi yachitsulo, yolemera m'manja, ndipo chithunzi chake chimadzaza filimu mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Zithunzi za ukwati wa alamu anga inajambula ndi iyo, ndipo mpaka lero maluwa a pa chitenje cha apongozi aakazi amawerengeka.

Koma kajambulidwe kake nkofuna kudekha. Ukasuzumira pa kazenera, pakatikati umaona munthu mmodzi ali pawiri. Upotoze galasi lakutsogolo pang'onopang'ono kufikira awiriwo atasanduka mmodzi, ndiye udine. Ndinayesera pa mwana wa mchemwali wanga. Pamene ndimamulunzanitsa, iye anali atathamangira nkhuku. Anaphiri, amene maso anayamba kuwavuta, anasuzumira nangoti, "Ine ndikuona chifunga." Tiwonjezepo kuti filimu masiku ano njosowa, ndipo mabatire ake akale aja analeka kupangidwa.

Ina imene ndinaiona m'tauni inali kakamera kadijito kogwiritsidwapo kale ntchito, kolowa m'chikwama pamodzi ndi singano ndi ulusi. Kamalunzanitsa kokha. Sindikubisirani, dzuwa likalowa zithunzi zake zimachita mbuu, ndipo sikadzakhalitsa monga yakhalitsira ya apongozi.

Ndinagona nayo nkhaniyi masiku atatu, pakuti kukana chinthu cha malemu sikophweka m'banja. Chimene chinandidula mawu ndi ichi: m'gulu tilimo amayi khumi ndi asanu ndi atatu. Yachitsuloyo ikanakhala ya ine ndekha, ndipo tsiku limene ndadwala kapena ndapita kumaliro, palibe akanajambula.

Tinagula kakang'onoko. Bambo anakhala chete madzulo amenewo, kenaka anapukuta Yashica ija naiika pa kabati, pafupi ndi chithunzi cha atate awo.

Lachinayi lapitali Anaphiri ndiwo anajambula. Anadula mpango wanga kumtunda, komabe m'chithunzicho ndilimo, nditanyamula diresi loyamba limene gulu lathu linagulitsa.