ZIMENE TINAPHUNZIRA PA GALAJA KU SOCHE

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, ife tinazolowera kudandaula za kutentha. Koma m'mwezi wa July titapita kukaona achibale ku Soche, tinaphunzira kuti kuzizira nakonso kuli ndi milandu yake. Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ali pa mamita oposa 1,000. Choncho ulendo wodzera pa Liwonde ndi Zomba ndi wokwera mtunda. Tisanafike mu Limbe, minibasi ya banja lathu inayamba kufuka nthunzi.

M'mawa mwake phiri la Soche silinaoneke. Chiperoni chinali chitaphimba Chimwankhunda, Zingwangwa ndi Chilobwe, ndipo madzi otawazira pa Subuhi ankaluma zala. Tinakatula minibasi pa galaja ina. Kumeneko tinapeza galimoto yaikulu ya alendo a ku South Africa, yokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa m'kati, ili pa ulendo wa ku Nyika kumene chisanu chimagwa.

"A Mwalimu, matenda a galimoto yanu ndi a iyi ndi amodzi," anatero amakaniko.

Anationetsa kachitofu ka dizilo kamene kamatenthetsa madzi osakaniza ndi mankhwala otchedwa antifreeze. Pampu imayendetsa madziwo m'mapaipi mpaka ku timarediyeta ta m'kati, ndipo m'galimoto monse mumafunda popanda utsi, chifukwa utsiwo umatulukira kunja. Eni ake ankangothiramo madzi wamba panjira, monga momwe ife tinkachitira ndi madzi a pa mjigo. Zotsatira zake, dzimbiri ndi mchere wa m'madzi zinatseka mapaipi.

Tinafunsa kuti, mankhwala oletsa kuundana ngachiyani kuno kotentha? Anatiuza kuti ntchito zake n'zitatu: kuteteza dzimbiri, kuchedwetsa kuwira, ndi kuletsa kuundana. Madzi amaundana pa digiri 0, ndipo akaundana amafufuma pafupifupi magawo 9 pa 100 alionse, mpaka paipi kung'ambika. Koma mukasakaniza theka madzi, theka mankhwala, saundana mpaka kuzizira kutapitirira madigiri 30 pansi pa 0. Tinakumbukira ana athu amene ali ku Joni, kumene kunagwa chipale mu July 2023.

Nanga galimoto yotereyi ikamakaimikidwa nyengo yonse yachisanu? Amakaniko anati mwini wake ayenera kukhuthula thanki ya madzi akumwa, kutsekula mipopi yonse, ndi kupopera mpweya m'mapaipi kuti musatsale dontho. Madzi amankhwala aja satayidwa, amangoyezedwa mphamvu. Kachitofu kaziyatsidwa kamodzi pa mwezi, ndipo sefa ya dizilo izisinthidwa chaka ndi chaka.

Apa tchereni khutu amayi. Antifreeze wa mu injini amaoneka ngati chakumwa cha ana, wobiriwira kapena wofiira, ndipo ndi wotsekemera. Koma ndi poizoni woononga impso ndipo amapha. Musasunge m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Nanunso abambo, musatsekule chivindikiro cha rediyeta injini ikadali yotentha.

Madzulo ake tinapeza achemwali athu akulowetsa mbaula m'chipinda cha ana, mawindo ali chitsekere. Tinakumbukira kachitofu kaja, koti utsi wake amaulozetsa kunja dala. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha anthu ali mtulo. Tinatulutsa mbaula, n'kuwafunditsa anawo mabulangete athu.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Alendo aja sitinawadziwe n'komwe maina, koma galimoto yawo inatiphunzitsa. Rediyeta yathu anaitsuka, n'kuthiramo mankhwala oyenera, ndipo tinatsetsereka bwino mpaka ku Mangochi, Alhamdulillah. Chigubu cha mankhwala otsala tinachikhomera m'kabati, kiyi ili m'thumba.