Pamene Msimbazi Utsirira m'Nyanja ya Mcere

Sitima ya TAZARA ikacoka ku Kapiri Mposhi imayenda makilomita 1,860 isanafike ku Dar es Salaam. Ife a dziko lopanda gombe tikatsika kumeneko timathamangira kukaona nyanja ya mcere, ndipo akhristu ambiri amayamba agwada m'Katedralo ya Yosefe Woyera, imene Abenedikito a ku Germany anamanga pakati pa 1897 ndi 1902. Koma ngoŵerengeka amene amaima pa mlatho wa Selander, pamene mtsinje wa Msimbazi umathera ulendo wace. Ife tinaimapo, ndipo mphuno ndiyo inayamba kutiuza nkhani maso asanaone kanthu.

Msimbazi umacokera ku mapiri a ku Pugu ndi Kisarawe. Poloŵa mumzinda umadutsa Vingunguti, Buguruni ndi cigwa ca Jangwani, kutola zonse zimene anthu ataya: madzi a m'mafakitale, zinyalala, ndiponso zocokera m'zimbudzi zokumba zimene zimasefukira nthawi ya dzinja. Pamathiriro pace pali matope ndi mitengo yomera m'madzi a mcere, imene eni dziko amaicha mikoko. Kawiri pa tsiku nyanja imadzaza nikankhira madzi onyansawo kumtunda. Ikaphwa imawakokanso kupita kumene asodzi amaponya maukonde.

Nanga akatswiri amadziŵa bwanji kuipa kwa madzi otere? Sadalira maso, pakuti madzi oyera mbee angathe kupha mwana. Amatunga madzi m'botolo lophikidwa bwino, naliika m'madzi oundana kuti lifike kopimira pasanapite maola ambiri. Kumeneko amasefa mamililita 100 pa kapepala ka timabowo tosaoneka, nakaika m'kambale ka cakudya ca tizirombo, nakafunditsa pa madigiri 44 usiku ndi usana umodzi. M'maŵa mwace kacirombo kalikonse kamakhala kataswana nkupanga kadontho kooneka, ndipo madonthowo amaŵerengedwa limodzi-limodzi. Kacirombo kamene amafunafuna ndi E. coli, kokhala m'matumbo a anthu ndi a nyama. Kawirikawiri si ndiko kamapha. Nchito yace ndi ya mboni, yoti cimbudzi cakumana ndi madzi. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limati m'madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi m'mamililita 100.

Asanatseke botolo amaviikanso kacipangizo koyezera kutentha, ndipo apa ndi pamene anthu wamba ambiri timapeputsa. Madzi ofunda amasunga mpweya wocepa, motero nsomba zimabanika pamene zonyansa zikuwola. Coopsa koposa ncakuti kacirombo ka kolera kamakonda madzi ofunda osakanizika ndi mcere pang'ono, monga momwe aliri pamathiriro a mtsinje. Dzuŵa ndi mcere zimapha E. coli msanga, kotero kuti ciŵerengero cace cingatsike pamene ngozi ina ikukwera. Nambala imodzi payokha imanama; ziwirizo ziyenera kulembedwa pamodzi, mwezi ndi mwezi, mvula isanagwe ndiponso itagwa. Mitengo ikadulidwa m'mbali mwa mtsinje mthunzi umatha, madzi nkutentha kuposa kale.

Osauka ndiwo amakhala m'cigwaco. Cigumula ca mu Disembala 2011 cinapha anthu makumi angapo mu Dar es Salaam, ndipo mabanja a ku Jangwani anali pakati pa amene anataya nyumba. Amai ena amalimabe ndiwo zamasamba m'mbali mwa mtsinje, kuthirira ndi madzi omwewo, ndipo sitingawadzudzule tisanawasonyeze citsime cina.

Tisanapukuse mitu pa za anzathu, abale, tikumbukire kolera wa 2023 ndi 2024, pamene bwalo la Heroes ku Lusaka linasandulika cipatala. Kamtsinje ka Ngwerere kamanyamula madzi oipa a mumzindawo kukatsira mu Chongwe, Chongwe mu Zambezi, ndipo Zambezi amakafika m'nyanja yomweyo ya mcere ca ku Chinde, m'dziko la Mozambique.