Masitazi ndi mpando wopanda munthu

Pasukulu pathu mphunzitsi akangoyamba kufunsa za masitazi, anzake timayamba kumuwerengera miyezi. Palibe amene amalankhula poyera, koma tonse timadziwa kuti munthuyo wayamba kulongedza. Chaka chino amene akuwerengeredwa miyezi ndine.

Ndimaphunzitsa Chingerezi pa CDSS ina kufupi ndi Chintheche, ndipo chino ndi chaka chachinayi chichokereni ku Mzuni ndi digiri yanga. Mu sitafu rumu mwathu muli a dipuloma ya ku Domasi, ena mwa iwo akulimbana ndi digiri kudzera mu ODL. Mulinso ife ochepa a digiri. Kenako pali mpando wa pawindo, umene ankakhalapo aphunzitsi a masamu asanatenge masitazi n'kupita kukaphunzitsa ku koleji. Pano timaikapo makope osachonga.

Sindiwada ayi. Masamu ake ndi osavuta. Pepala la masitazi palokha silikweza giredi. Kukwezedwa kumadikira kuti malo apezeke, uitanidwe ku intaviyu, upambane. Ndiye taganizani: munthu wadya ngongole ya banki mkhonde zaka ziwiri, holide iliyonse wathera mu laibulale, mkazi wake wagulitsa usipa kuti fizi ikwane, koma malipiro a pa mwezi ali pomwe paja. Akaona ntchito ya ku koleji kapena ya bungwe ku Lilongwe, inu mungamuuze kuti akhale? Ngakhale mayina a maphunzirowo amalozera komweko. Ku Mzuni kuli masitazi ya utsogoleri ndi kayendetsedwe ka sukulu, ndi ya kuphunzitsa aphunzitsi. Ku Chanco kuli ya ndondomeko ndi mapulani a maphunziro, ndi ya kayesedwe ka ophunzira. Zonsezo ndi zabwino, koma zambiri zimakukonzera desiki ya mu ofesi, osati choko cha Fomu 2.

Kuno kunyanja nkhaniyi ndi yakale kuposa mayunivesite athu onse. Mu 1881 a mishoni ya Livingstonia anasamuka ku Cape Maclear kudzakhazikika pa Bandawe, pompano, ndipo Atonga anaikumbatira sukulu mwamsanga. Chotsatira chake, dera lino linayamba kutulutsa anthu ophunzira amene dera lenilenilo silikanatha kuwasunga. Clements Kadalie wa ku Chifira anaphunzira za uphunzitsi ku Livingstonia, anagwira choko kanthawi kochepa, n'kutsika kummwera. Mu 1919 anali ku Cape Town akuyambitsa ICU, bungwe la ogwira ntchito limene linagwedeza South Africa. Kanyama Chiume wa ku Usisya anapita ku Makerere, anaphunzitsa ku Tanganyika, kenako anadzakhala nduna ya zamaphunziro dziko lisanalandire ufulu. Mayina amenewa timawanyadira, ndipo ndi oyeneradi. Kungoti ine ndikawatchula m'kalasi ndimadzifunsa za ana amene Kadalie anawasiya pakati pa silabasi.

Amalume anga, amene anapuma pa uphunzitsi wa ku pulayimale ku Kande, saona vuto lililonse. "Iwe pita," amatero. "Nsomba ikakula siikhala m'dziwe." Ndikawauza kuti ine ndikufuna kudzabwerera, amaseka ngati ndanena zoti ndikwatira mzungu wa pa loji.

Kupitako pakokha si masewera. Kuchoka pa Chintheche ukwere minibasi ya ku Nkhata Bay, usinthe, udutse pa Mpamba kukwera mapiri mpaka Mzuzu, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ulendo uliwonse umaluma. Zomba ndiye musatchule. Ena amati ingophunzira pa intaneti, koma amene amanena zimenezo sanayesepo kutsitsa buku la masamba 300 ndi bandulo ya usiku, magetsi atazima, foni itatsamira pa zenera. Komabe ine ndili pabwino. Mnzanga wa ku koleji amene anatumizidwa ku Usisya, mvula ikawononga msewu wotsika phiri uja, ulendo wake amaupanga poyang'ana tsiku la Ilala. Iye amalota za Chevening, ya ku UK. Zaka ziwiri za ntchito zimene amafuna anazikwanitsa kale, ndipo lamulo loti ukamaliza ubwerere kwanu kwa zaka ziwiri salidandaula. Koma kwanu kwake amatanthauza Malawi yense. Palibe amene adzamufunse ngati wabwerera ku Usisya.

Nanga ine ndikuifuniranji? Ndili ndi funso limene landivuta kuyambira temu yanga yoyamba. Mwana wa kuno amadzuka m'Chitonga: amakangana m'Chitonga, amawerenga ndalama za nsomba m'Chitonga, amalota m'Chitonga. Akafika kusukulu amakumana ndi Chichewa ngati phunziro, kenako zina zonse, kuyambira bayoloje mpaka jogirafe, m'Chingerezi. Pa MSCE, kuti apeze satifiketi ayenera kukhoza maphunziro 6 ndipo limodzi mwa iwo likhale Chingerezi. Akagwa phunziro langa, ngakhale masamu awakhoze bwanji, satifiketi palibe. Ndili ndi mtsikana wa Fomu 3 amene angakufotokozereni bwinobwino chifukwa chake mwera ukawomba asodzi sapita kutali, ndi mmene chinangwa chimavikidwira kuti kondowole asawawe. Mumupatse pepala kuti alembe zomwezo m'Chingerezi, amalemba mizere itatu n'kuika cholembera pansi. Nzeru zilipo. Chimene sindidziwa ndi njira yoziolotsera, ndipo digiri yoyamba sinandipatse zida zofufuzira zimenezo mwadongosolo. Ndikufuna kudziwa chimachitika n'chiyani ukalola ana kuyamba akambirana m'Chitonga asanalembe, kwa temu yathunthu, n'kuyerekeza ndi kalasi imene sinatero. Kafukufuku wotere sungamuchite uli mu ofesi ku Capital Hill. Amafuna kalasi yeniyeni, ya ana odzaza mpaka pakhomo, ndi mphunzitsi amene amawadziwa mayina.

Zimenezi ndi zomwe ndalemba m'kalata yofunsira malo. Ndikudziwa kuti aliyense amene anachoka anayamba ndi mawu okoma ngati amenewa, ndipo sindingalumbire za munthu amene ndidzakhale ndikadzagwira pepalalo ngongole ili pakhosi. A hedi anawerenga kalatayo, anasaina yawo yondivomereza, kenako anatsegula taimu tebulo.

"Madamu, zonsezi ndamva. Koma masabata amene muzikakhala ku Mzuzu, Chingerezi cha Fomu 4 ndimupatse ndani?"

Tinayang'ana mndandanda wa aphunzitsi limodzi. Dzina limene tinagwirizana ndi la aphunzitsi a zaulimi, amene kale akuphunzitsanso masamu a mpando wa pawindo uja. Sanauzidwebe.