Manambala Anayi pa Tayala

Matayala akutsogolo a ka Vitz kanga anasalala mvula ili pafupi, malipiro ali kutali. Ku Kamwala mnyamata wina anandigubuduzira a salaula, mizere ikali yozama.

"Aphunzitsi, awa ni manyuwani!"

Ndinawerama n'kuwerenga manambala anayi omalizira pambali pa tayala: 2315. Ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23, caka ca 2015. Tayala limakalamba ngakhale mizere isanathe, ndipo ili linali ndi timing'alu kale.

M'mawa uliwonse ndimanyamula mwana wanga ndi ana awiri a aneba. Ndinawaganizira tili pa Great East Road, mvula ikukhuthuka.

Ndinakongola ndalama, n'kugula awiri atsopano ochipa. Ndinawaika kumbuyo, akumbuyo n'kupita kutsogolo, cifukwa motoka ikaterereka kumbuyo imazungulira. Mwezi wonsewo tinadyera kapenta.