Zibenthu za denga la Aroma ku Chedworth

Aliyense amene anamva kuti ndikupita ku Chedworth anandiuza chinthu chimodzi: ndikaone zithunzi za timiyala zimene Aroma anayala pansi m'zipinda zawo. Ndinaziona, ndipo n'zokongoladi. Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi zibenthu za denga, mapale a dothi lowotcha ndi a miyala, amene alendo anzanga ankangowadutsa osacheuka n'komwe.

Ndinali ku England kukacheza kwa mwana wa mlongo wanga, namwino m'chigawo cha Gloucestershire. Masiku oyamba anangothera mvula ndi kudikira kuti mwanayo apume. Tsiku loti andiperekeze litakwana anamuitananso kuntchito, choncho anandikweza basi ya ku Cirencester n'kunena kuti, "Amalume, mukakatsika mukapeze takisi, basi sifika pakhomo pa malowo."

Wa takisi amene ndinamupeza sanatchule mtengo, ndipo mita yake sanaiyatse. Titatuluka m'tauni tinalowa mu Fosse Way, msewu umene Aroma analambula kuchokera ku Exeter mpaka ku Lincoln, wowongoka mochititsa kaso mpaka lero. Pafupi ndi Fossebridge tinakhotera kumanzere, m'kamsewu kokwana galimoto imodzi yokha, zitsamba zitatchinga uku ndi uku. Mmenemo tinakumana ndi thalakitala ikukoka ngolo ya udzu, ndipo tinabwerera chafutambuyo kamtunda ndithu kufuna popatukira. Bamboyo anayamba kung'ung'udza pomwepo, osalekeza mpaka kufika. Nditatsika anatchula mapaundi 40, ati 10 yapamwambayo ndi ya penti ya galimoto imene zitsamba zakanda. Ndinamuuza kuti akanatchula zimenezo tisananyamuke, ndikanasankha ndekha kukwera kapena kusiya. Iye anangotambasula dzanja, maso ali kumbali. Ndinalipira, koma mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ukundiwawabe. Munthu woyendetsa takisi m'dera lakwawo amaudziwa msewu asanaulowe. Amene amati kudyera mlendo masuku pamutu ndi khalidwe la kwathu kokha sanayende.

Mkwiyowo unaphwa nditaona malowo. Nyumba ya Chiroma ya pamalowo inamangidwa kumutu kwa kachigwa, nkhalango itaizinga, ndipo pakona yake pali kasupe amene eni nyumba anamumangira dziwe la mbali 8 ndi kachisi, madzi akutulukabe. Aroma anayamba kulanda Britain m'chaka cha 43, nthawi ya mfumu Claudius, ndipo ulamuliro wawo kumeneko unatha cha m'ma 410. Nyumba ya ku Chedworth inayamba m'zaka za m'ma 100, n'kudzafika pachimake m'zaka za m'ma 300, ili ndi nyumba ziwiri zosambiramo ndi zipinda zodutsa mpweya wamoto kunsi kwake. Kenako inagwa, nthaka n'kuikwirira, mpaka mu 1864 pamene mlonda wa nyama za m'nkhalangoyo, akukumba pa una wa akalulu, anatulutsa timiyala tachilendo. Bungwe la National Trust lakhala likusamala malowa kuyambira 1924.

Khamu lonse linkalowera kuchipinda chodyera, kumene chithunzi cha pansi chikuonetsa nyengo zinayi za chaka, munthu woimira nyengo yozizira atafunda chovala chophimba mutu, kalulu ali m'manja. Ine ndinaima patebulo lina pamene mayi wina wachikulire, mmodzi wa anthu othandiza pamalopo mongodzipereka, anayalapo zibenthu zofiirira ndi zotuwa. Panalibe wina woimapo.

"Bambo, tanyamulani ichi," anatero, akundipatsira chibenthu chachikulu.

Denga la dothi la Chiroma linali ndi mapale a mitundu iwiri. Loyamba, tegula, ndi lathyathyathya, lokhala ndi milomo iwiri yoimirira m'mbali mwake. Amisiri ankawayala mogundanitsa milomoyo, ndipo pamwamba pa mpata wotsalawo ankavundikirapo lachiwiri, imbrex, lopindika ndi lalitali. Madzi a mvula ankatsetserekera pakati pa tegula aliyense mpaka kugwa pansi, osapeza polowera. Pamakona a phale ankadulapo pang'ono dothi lisanaume, kuti la pamwamba lilumane ndi la pansi. Misomali sinkafunika yambiri: kulemera kwa mapalewo ndi matope a laimu ndizo zinkagwira denga, n'chifukwa chake denga lotere silinkakhala lotsetsereka kwambiri. Chibenthu chimene ndinanyamulacho sichinakwane ngakhale theka la phale lonse, koma dzanja linamva. Ndiye taganizirani mapale masauzande atasanjidwa pamwamba pa mitu ya anthu. Kalipentala amene anasema ndi kulumikiza mitanda yonyamula katundu ameneyo, kwa ine, anali katswiri wofanana ndi woyala timiyala uja, kungoti ntchito yake inawola.

Mayiwo anandiuza kuti nditembenuzire chibenthucho kowala. Chakumunsi kwake kunali mizere itatu yokhota, yoyenda limodzi. Woumbayo anaikanda ndi zala zake dothi lidakali lofewa, ndipo akatswiri ofukula zakale amati chinali chizindikiro chake, chosiyanitsa mapale ake ndi a mnzake. Ndinaikamo zala zanga, ndipo zinalowa bwinobwino. Thupi linachita tsembwe. Mwini nyumba yonseyi dzina lake silidziwika, koma dzanja la wantchito wake ndinaligwira.

Chibenthu chachiwiri chinali ndi phazi la galu, zikhadabo zikuoneka. Apa mayiwo anayamba kufotokoza kuti mapale ankayanikidwa pansi asanawotchedwe, koma ndinawadula mawu mwaulemu, ndinati, "Amayi, zimenezo ndikuzidziwa." Aliyense amene anaumbapo njerwa kudambo m'mwezi wa Ogasiti akuidziwa ntchitoyi: kuponda dothi ndi mapazi, kulithira m'chikombole, kukhuthula pabwalo losesa bwino, kenako kulimbana ndi mbuzi ndi nkhuku zimene zimasankha kudutsa pamene pali njerwa zaziwisi pomwepo, mpaka tsiku lomanga uvuni ndi kuchezera usiku kusonkhezera moto. Njerwa yopondedwa ndi mbuzi sitaya, timaiwotcha ndi zinzake. Woumba wa Chiroma nayenso sanataye phale lakelo. Analikalipira galuyo, mwina anamugenda, koma phalelo analilowetsa mu uvuni, ndipo linakateteza anthu ku mvula zaka zambiri.

Mapale a miyala ndiwo anandidabwitsa kwambiri, chifukwa sindinkayembekezera. Dera la Cotswolds lili ndi mwala wa laimu umene umang'ambika n'kukhala mapale opyapyala, ndipo m'zaka zomalizira za Aroma nyumba zambiri kumadzulo kwa Britain zinkafoleredwa ndi miyala m'malo mwa dothi. Kwina ankagwiritsa ntchito mwala wamchenga wochokera ku Forest of Dean kapena kufupi ndi Bristol. Phale lililonse ankalisema kukhala la mbali 6, nsonga yake italoza pansi, n'kuboola kabowo kamodzi chakumtunda kolowetsamo msomali wachitsulo. Limene ndinagwira linali ndi dzimbiri kuzungulira kabowoko. Kuboola mwala wopyapyala choncho osauswa, popanda makina, ndi luso lalikulu, ndipo munthuyo ankachita zimenezi tsiku lonse, phale ndi phale. Nsonga yoloza pansiyo imasonkhanitsa madzi kuti adonthere pakati pa phale la m'munsi, kutali ndi polumikizira. Nyumba za m'midzi ya Cotswolds mpaka lero zimafoleredwa ndi miyala, ndipo pobwerera madzulo ndinkangoyang'ana madenga m'mudzi uliwonse.

Chinandinyansa ndi ichi: pa nthawi yonse imene ndinaima patebulopo, anthu amene anabwera anali ana okhaokha, makolo awo akuwakoka kuti akaone zithunzi. Zithunzizo zimakuuza zimene wolemera ankafuna kuti alendo ake aone akamadya. Zibenthu zimakuuza amene anakumba dothi, amene anagwetsa mitengo ya nkhuni, ndi ngolo za ng'ombe zimene zinakoka katunduyo.

Ndipo zimanena zambiri kwa wodziwa kuzifunsa. Pa malo ofukulidwa a Chiroma zibenthu za mapale zimatuluka zochuluka kwambiri moti akatswiri amaziwerenga, kuziyeza pasikelo, kusunga zokhala ndi zizindikiro, zina n'kuzisiya. Katswiri wina, Peter Warry, anayeza mapale ambirimbiri n'kuonetsa kuti kadulidwe ka pamakona kaja kankasintha m'kupita kwa zaka, ndipo kuti mapalewo ankacheperachepera, kotero kuti chibenthu cha pakona chikhoza kuthandiza kudziwa nthawi imene denga linafoleredwa. Mapale ena ali ndi zidindo. Ku Minety, kummwera kwa Cirencester, kunali mauvuni aakulu, ndipo mapale odindidwa zilembo monga TPF ndi LHS amapezeka m'malo osiyanasiyana a chigawochi. Ukatsata kumene apezeka, waona njira za malonda. Ku Gloucester, kumene Aroma ankati Glevum, mapale ankadindidwa RPG, kusonyeza kuti uvuniwo unali wa tauni yeniyeniyo. Magulu a asilikali nawo ankadziumbira mapale awo n'kudindapo dzina la gulu lawo.

Ku Gloucester komweko kunachitika chinthu chimene chiyenera kuchititsa manyazi aliyense wonyoza zibenthu. Mu 1969 ofukula anatulutsa mapale ambiri mu Berkeley Street, n'kuwasunga m'mabokosi. Munthu anadzaona mu 2015, akusanthula mabokosiwo chimodzichimodzi, kuti phale lina lili ndi mapazi a mphaka amene anayendapo cha m'ma 100. Zaka 46 mphakayo ali m'bokosi. Akanati mu 1969 azitaye poti n'zinyalala, bwenzi palibe akudziwa. Mayi aja anandisimbiranso za phale lina lopezeka ku London, pamene woumba wina analembapo ndi kamtengo, dothi lisanaume, kudandaula kuti mnzake Austalis wakhala akuzemba yekha tsiku lililonse kwa masiku 13. Tinaseka tonse awiri. Kaya ankamuneneza kwa kapitawo, kaya ankangomuseka, dzina la wantchito wamba latifika chifukwa cha phale.

Masiku otsatira anapita ndi maulendo a kwa abale. Popita ku London kukakwera ndege ndinapempha kuti tidzere ku St Albans, ndipo kumeneko ndinamvetsa chifukwa chake mapale athunthu a Chiroma ndi osowa. Nsanja ya tchalitchi chachikulu cha m'tauniyo ndi yofiira, yomangidwa ndi njerwa ndi mapale amene amisiri anakatuta m'mabwinja a tauni ya Chiroma ya Verulamium, kutsidya kwa kamtsinje, ntchito yomanga itayamba mu 1077. Chabwino chilichonse anthu anachitola n'kumangira zina. Chimene chinatsalira ofukula ndi zosweka. Nsanjayo yaima zaka zoposa 900, ndipo njerwa zake zinali kale ndi zaka mazana ambiri pamene ankazikweza pamwambapo. Kuwotcha kwa anthu amenewa kunali kosachita kufunsa.

Aroma sanafike kwathu kuno, ndipo denga la makolo athu linali la udzu, losasiya chibenthu. Koma mapale tili nawo, a miphika ndi mitsuko. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, Dr. Yusuf Juwayeyi anafukula likulu la Amaravi, ndipo pakati pa mapale a miphika anapezamo mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zibenthu za mbale za ku China. Mbiri ya malonda a makolo athu ndi maiko akutali inatuluka m'dzala. Komabe ndaonapo ndi maso anga anyamata okumba maziko a nyumba akutulutsa mapale a miphika okhala ndi mizere yokongola m'khosi, n'kuwaponyanso m'dzenje pamodzi ndi zibuma.

Inu amene mukumanga chaka chino, kapena mukuumbitsa njerwa pachulu chakale, auzeni amisiri anu kuti akatulutsa mapale okhala ndi zojambula aime kaye. Ajambuleni ndi foni pamalo pomwe apezekapo, musawatsuke kapena kuwamwaza, ndipo dziwitsani amfumu ndi a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale.